Njerwa Zinayi Pabwalo la Stella

Lyson Katsekera ankakonzera ulendo wa droni pakhonde la sitolo ya Tahiru ku Nsaru, poti pamenepo mpamene panali tebulo losagwedera ndi magetsi a sola otchajira mabatire. Ndi chala ankajambula mzere pamapu a pa tabuleti: kuchokera pakaphiri pamene bungwe lomulemba ganyu linamanga thanki ya madzi, kutsika m'minda yogalauza kale, kudutsa m'mbali mwa dambo, mpaka kumudzi wa Kaphanje. Droniyo sinkafuna woiyendetsa. Ukaionetsa njira, n'kuiuza kuti iuluke m'mwamba motani ndi kuti zithunzi zizilowana m'mbali, inkanyamuka yokha n'kumapita ndi kubwerera ngati munthu wounga mizere.

Zithunzizo zikalumikizidwa pa kompyuta zinkaonetsa pokwera ndi potsika pa nthaka. Madzi a m'thanki ankayenera kuyenda okha m'mapaipi, popanda pampu, ndipo njira zinalipo ziwiri. Ina inali yotsata msewu, yoyezedwa kale. Ina inali iyi yodzera kwa Kaphanje, kumene nthaka inali pafupifupi yathyathyathya. Injiniya wa bungwelo, Triza, anali atanena mosabisa kuti zithunzi zikapanda kutsimikiza kuti madzi akafika, paipi itsata msewu, ndipo a kwa Kaphanje adikira gawo lina la ntchito, lomwe palibe ankadziwa chaka chake.

"Akulu, kodi kandege kanuka sikatopa?" anafunsa Tahiru ali pawindo logulitsira, akupungulira mafuta ophikira m'timapepala.

"Kamatopa. Batire likatsala pang'ono kamasiya ntchito n'kubwerera kokha pamene kananyamukira."

"Ndiye kali ndi nzeru kuposa anthu ena omwe ndimawadziwa." Tahiru anamanga kapepala ndi mano. "Kwa Kaphanje si kwa apongozi anu kuja, eti?"

"Kunali," anatero Lyson osadzutsa mutu.

Anakhalako zaka zambiri pa chikamwini. Ankagwira ntchito yoyeza malo ku tauni, n'kumabwera kumapeto a sabata, ndipo pang'ono ndi pang'ono anamanga nyumba ya njerwa zootcha pamalo a akuchikazi. Mkazi wake Hannah atamwalira, atatha kumeta maliro, abale a malemuyo anamusudzula monga mwa mwambo. Anachita mwaulemu, palibe anakweza mawu. Anamuuza kuti ndi mfulu, ndipo iye anatenga njinga yake ndi mabuku ake n'kupita. Nyumba inatsala ndi Stella, mng'ono wa Hannah, pamodzi ndi Thokozile, mwana yekhayo wa Lyson. Chichokereni iye sanapondenso pabwalo lija. Mwana wake ankakumana naye pa tsiku la msika ku Nsaru, kumugulira sopo ndi shuga, kufunsana za moyo ataimirira pambali pa ogulitsa tomato. Tsopano Thokozile anali pabanja, woyembekezera, ndipo ankatunga madzi kudambo chifukwa mjigo wa m'mudzimo unauma.

Droni isanauluke panali ntchito ya miyendo. Lyson ankayenera kuyala pansi, apa ndi apo m'njira monsemo, mapepala akuda a pulasitiki olembedwa mtanda woyera, kuwakhomera ndi misomali, n'kuimika ndodo ya GPS pakati penipeni pa mtandawo kuti adziwe malo ake ndi kukwera kwake. Mapepalawo akaoneka m'zithunzi ndiwo ankamangirira zithunzizo kunthaka. Popanda iwo kompyuta inkatha kukweza munda wonse kapena kuutsitsa ndi msinkhu wa munthu, ndipo kwa madzi oyenda okha kulakwa kotero kunali kwakukulu.

Anayenda nayo ntchitoyo panjinga yamoto m'dzuwa la Okotobala, fumbi likulowa mpaka m'mano. Atafika kwa Kaphanje ankadziwa kuti malo abwino oyalapo pepala anali pakati pa mudzi. Koma analiyala kunja, kumunsi, pafupi ndi chulu chimene chili panjira ya ng'ombe. Panjira anakumana ndi a Elifasi, mkulu wa mpingo, ndipo anawapempha kuti akalengeze kuti munthu asakhudze pepalalo, chifukwa likukhudza nkhani ya mpopi. A Elifasi analonjeza, namuitana kuti alowe m'mudzi akamwe thobwa. Lyson anati dzuwa lapita.

Tsiku louluka anadikira kuti dzuwa lifike pamutu, mithunzi ya mitengo ifupike. Kunali utsi wa anthu otentha mapesi, ndipo anayamba wadikira kuti mphepo iukankhire kuzambwe. Kenako anadina pa tabuleti, droni inalira ngati njuchi zosamuka, inakwera, n'kuyamba mzere wake woyamba. Iye analibe chochita koma kuima pamtunda, dzanja pachipumi, kuitsata ndi maso. Kamvulumvulu anadzuka m'munda wina nayenda kulunjika kumene inali, koma anathera panjira. Kabawi anaizungulira kangapo, kenako anaisiya. Droni inkabwera, iye n'kusintha batire lotentha ngati mbatata yootcha, iyo n'kukapitiriza pamene inalekezera. Pamene inkatera komaliza, khosi lake linali litauma.

Madzulo omwewo dalaivala wa bungwe anatenga droni kupita nayo ku ntchito ina ku Dedza. Ndodo ya GPS anati adzaitenga mawa lake masana pobwerera.

Lyson anakhalanso pakhonde la Tahiru, laputopu ikupuma mpweya wotentha. Anayamba kuonetsa kompyuta mtanda uliwonse m'zithunzi. Woyamba unagwirizana ndi muyezo wake, wachiwiri chimodzimodzi, mpaka onse a m'minda ndi a kudambo. Atafika pa chulu cha kwa Kaphanje anapeza chulu, njira ya ng'ombe, ndi dothi lokhalokha.

Anakulitsa chithunzi. Panalibe pepala. Anachikokera pang'onopang'ono kulowa m'mudzi, malo amene anali asanawaonepo kuchokera m'mwamba: denga la tchalitchi, zigafa za fodya zosafolera, khola la a Elifasi. Kenako denga la malata akale lokhala ndi lata limodzi lowala kuposa anzake. Lata limenelo analikhoma yekha, chaka chimene mphepo inasasula mbali ya kuchipinda. Mtengo wa mango unali utakula mpaka kukhudza khitchini. Ndipo pabwalo, pakati pa nkhokwe ndi khitchiniyo, panali pepala lakuda, mtanda wake woyera ukuoneka bwino lomwe.

Anavula magalasi n'kupukuta maso. Sanafunikire womuuza. Pamene anthu a mjigo anabwera m'mudzimo kalekale, anakhoma chikhomo pamalo oti adzakumbe n'kuchoka. Pobwera ndi makina anapeza chikhomocho chitasamutsidwira pafupi ndi nyumba ya munthu wina, ndipo anakumba pomwepo osafunsa. Mudzi wonse unkaidziwa nkhaniyo. Iyenso ankaidziwa, ndipo ndi pakamwa pake anatchula mawu oti mpopi kwa a Elifasi.

Tahiru anabwera kudzasuzumira, ndipo atamva zimene zachitika anaseka mpaka kugwira mzati.

"Pepala lamera miyendo! Ndiye lasankha bwino, lapita kwa alamu anu."

"Sizoseketsa, Tahiru."

"Ndikudziwa, akulu. Koma mundilole ndimalize kaye."

Lyson anaimbira Triza. Anamufotokozera mwachidule.

"Ndiye gawo la kumudziko tilibe nalo chogwira," anatero Triza. Mawu ake anali a munthu amene wakhala m'misonkhano tsiku lonse. "Droni sibwereranso mvula isanagwe, a Katsekera. Mukudziwa."

"Ndikudziwa. Koma pepalalo likuoneka m'chithunzi. Ndikakayeza pamene lili, ligwira ntchito ngati kuti ndinaliika ndine."

"Ngati likadali pomwepo."

"Inde. Ngati likadali pomwepo."

"Galimoto ikudutsa mawa masana. Mukalephera, titsata msewu. Sindingakwirire mapaipi pongoganizira."

M'mawa mwake ananyamuka dzuwa litangotuluka, ndodo ya GPS atamangirira kumsana. M'midzi yonse imene ankadutsa amayi anali atasesa kale, mabwalo ali mizeremizere ya tsache. Zimenezi zinamudetsa nkhawa. Ngati pepala lasunthanso, tsache la m'mawa likhala litafufuta chilichonse.

Anazimitsa njinga pafupi ndi tchalitchi n'kuyenda wapansi. Miyendo inkaidziwa njira. Atakhota pa khola la a Elifasi anaona nkhokwe, khitchini, mango. Pepala panalibe.

"Odi."

Stella anatuluka m'khitchini akupukuta manja pachitenje. Anali atanenepa, ndipo imvi zinali zitayamba pamphumi. Anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Ii, alamu! Mwasochera? Msewu wa ku Nsaru uli uko."

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Tadzuka, kaya inu a m'mwamba? Dzulo munatidutsa pamutu osatipatsa ndi moni womwe. Nkhuku zanga zabisala tsiku lonse."

"Ndabwera za pepala lija."

"Ehe! Bwerani muone." Anamugwira mkono wa malaya ngati mwana n'kumukokera pakati pa bwalo. "Onani zimene andichita."

Pansi panali njerwa zinayi, zitakhala ngati ngodya za tebulo. Bwalo lonse linali loseseka, koma pakati pa njerwazo ndi m'mbali mwake munali masamba ouma a mango ndi zitosi za nkhuku.

"Munakaliika kuchulu," Stella anapitiriza. "Kuchulu, alamu! Amamwa kumeneko ndani, ng'ombe? Mwana wanu mimba ili apa, akukwera chitunda cha kudambo ndi ndowa pamutu, inu mpopi mukukaupereka kwa chiswe. Ndinakalizula ndekha. Misomali yanu inapindika, ndiye ndinatsindira ndi njerwa. Sindikubisa, ndipo mukafuna kukandisumira pitani."

"Nanga pano lili kuti?"

"Funsani aneba athu, mai a Bright. Dzulo madzulo ndili kudimba, abwera, asolola pepala ngati akusolola mphasa pansi pa mwana wogona. Lili pakhomo pawo, akhazikapo mtondo. Akuti kwawo ndiye pakati pa mudzi. Pakati pa mudzi! Ine nkhaniyi ndikupita nayo kwa akulu a mpingo, ndipo njerwa izi ndi umboni wanga. Ndauza ana onse kuti wozikhudza ndithana naye. Ndi tsache lomwe sindinafikitsepo."

Lyson anagwada. Anatsegula laputopu pabondo, n'kuitchinga ndi chipewa kuti aone bwino. Pachithunzi, pangodya iliyonse ya pepala panali kadontho kofiirira. Kamodzi kanali kopendekeka kuloza kunkhokwe. Anayang'ana pansi: njerwa ya kumeneko inali yopendekeka chimodzimodzi. Pepala lopyapyala lija linasololedwa, njerwa zinangokhala pansi pamene zinali.

"Kandege kanadutsa pepala lili pano?"

"Ndinali nditaima apo, ndikukabayibitsa."

Anayang'ananso. Pafupi ndi khitchini panalidi kamthunzi ka munthu, dzanja lili m'mwamba.

"Muli ndi chingwe?"

Stella anamasula chingwe choyanikira zovala. Lyson anachidula pawiri, anakoka china kuchokera panjerwa ina kupita pa ya kutsidya, chinanso mopingasa. Pamene zingwe zinakumana anabayapo msomali. Pogwira njerwa ina anaona kuti ngodya yake inali yophwanyika mofanana ndi zinzake zonse. Chinali chizindikiro cha chikombole chake choumbira njerwa, chimene chinali ndi thabwa long'aluka. Izi zinali zotsala pomanga nyumba.

Anaimika ndodo pamsomalipo n'kuyatsa GPS. Tsopano ankayenera kuima chilili, osagwedezeka, mpaka makinawo atamaliza kuwerenga. Pandodopo panali kagalasi kozungulira kokhala ndi kathovu, ndipo kathovuko kankayenera kukhala pakati. Malo amene anaima anali oyang'anana ndi khomo la nyumba. Chitseko chinali chomwe chija, utoto wobiriwira utasuluka pogwirira. Pakhonde panali mpando wa ndalema umene Hannah ankakhalapo m'miyezi yomaliza, nsalu yake itasinthidwa ndi thumba la feteleza. Lyson anatsitsa maso n'kuyang'ana kathovu. Kanali katathawira m'mbali. Anakabweza.

"Ndiye mpopi ukhala pamsomalipo, eti?" anafunsa Stella.

"Ayi, alamu. Pepala lija silisonyeza pa mpopi. Ndi loyezera basi. Likanatha kukhala paliponse."

"Paliponse?"

"Bola lisasunthe."

Stella anayang'ana njerwa zake, kenako kumbali ya kwa mai a Bright.

"Ndiye a Elifasi aja amalengeza chiyani m'tchalitchi?"

"Ndinawafotokozera mothamanga."

"Mumathamangira kuti? Tinakusudzulani, alamu, sitinakuikireni malire. Mukanalowa m'mudzi n'kutiuza ngati anthu, ine sindikanathyola msana ndi misomali yanu." Anapukusa mutu, kenako mapewa ake anayamba kugwedezeka ndi kuseka. "Ndiye mai a Bright agona pakhonde kulondera pulasitiki? Musawauze msanga. Ndikukupemphani, asiyeni mpaka Lamulungu."

Thokozile analowa pabwalo nthawi imeneyo, ndowa pamutu, dzanja lina litagwira m'chiuno. Ankayenda pang'onopang'ono, mapazi atatupa m'mapatapata. Ataona bambo ake anaima. Stella anamutula ndowa, ndipo Thokozile anagwada movutikira chapatali pang'ono.

"Ababa, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, mwana wanga. Usagwade, dzuka. Sindingasiye ndodoyi, dikira pang'ono."

"Bambo ako asanduka mzati," anatero Stella. "Tikanadziwa tikanamangirira chingwe cha zovala pomwepo."

Makina analira. Lyson anatsitsa ndodo, mkono uli dzanzi, ndipo anapatsa mwana wake moni wa m'manja. Stella anatulutsa mpando wa alendo n'kuuika pansi pa mango. Lyson analowetsa muyezo watsopano mu laputopu, anaionetsa mtanda wa pabwalo, n'kuisiya kuti iwerenge. Inatenga nthawi. Thokozile anakhala pamphasa atatambasula miyendo. Anakamba za sikelo, za mwamuna wake amene anali kunazale ya fodya, za mitambo imene imabwera masana n'kubalalika. Ntchentche zinkazungulira mango aawisi ogwa okha.

Kompyuta itamaliza, mtanda wa pabwalo unagwirizana ndi anzake onse. Lyson anajambula mzere wa paipi kuchokera kuthanki n'kuyang'ana kutsika kwake. Anayang'ana kawiri. Kenako anaimirira n'kupita kuseri kwa nkhokwe, kumene foni inkagwira netiweki kale, ndipo inagwiradi.

"Zagwirizana," anauza Triza. "Madzi afika kwa Kaphanje, koma kumunsi kokha. Kumtunda kuno sangakwere."

"Mwatsimikiza malo a pepalalo?"

"Ndatsimikiza. Ndikutumizirani zithunzi za mmene ndayezera."

"Chabwino. Ndikaona manambala ali monga mukunenera, paipi idzera kumeneko. Koma mpopi ndi umodzi, a Katsekera, asadzabwere ndi madandaulo. Ndipo galimoto yanyamuka kale, musaichedwetse."

Anabwerera pansi pa mango. Amayi awiri aja ankamuyang'ana.

"Paipi idutsa kuno," anatero. "Mpopi umodzi."

"Pati?" anafunsa Stella.

"Kumunsi. Chapafupi ndi chulu."

"Kuchulu komwe kuja?"

"Madzi sangakwere kuposa pamenepo."

Stella anawomba m'manja kamodzi, mofooka. Thokozile anayang'ana kumbali ya chulu, kenako kumbali ya dambo, ngati akuyerekeza.

"Kuchulu m'pafupi, amayi aang'ono," anatero. "Kulibe chitunda."

"Ndikudziwa kuti m'pafupi. Ndikungodandaula njerwa zanga."

Thokozile anadzuka, anatunga madzi m'ndowa ija ndi kapu ya pulasitiki n'kubwera nayo ndi manja awiri. Madziwo anali otuwa ngati otsukira mpunga, akununkha dothi. Lyson anawayang'ana, kenako anamwa onse. Anafunsa ngati mwana adzakhala atabadwa mapaipi akamadzabwera, ndipo Thokozile anati mwina adzakhala akukwawa. Iye anati n'kutheka.

Anapinda ndodo n'kuimangirira kumsana. Stella anali atayamba kutola njerwa, kuziunjika kuseri kwa khitchini pamene panali zinzake.

"Lamulungu mubwere," anatero osatembenuka. "Mudzaime kutsogolo mudzawauze nokha kuti mpopi uli kuchulu. Ine sindikanena, angandigende. Ndipo mudzakhale mpaka chakudya, osati zoima ngati mzatizi."

Lyson anayang'ana dzuwa. Galimoto inali itayandikira ku Nsaru, ndipo panali zithunzi zoti atumize, mapepala ena oti akazule m'minda ng'ombe zisanawadye.

"Mapemphero akumayambabe mochedwa?"

"A Elifasi akamaliza kumwetsa ng'ombe."

"Ndibwera," anatero.

Anadutsa njira ya kwa mai a Bright. Pepala lake linali pakhomo, mtondo uli pamwamba pa mtanda, mayiwo atakhala pambali pake akusenda mtedza. Anamupatsa moni mwansangala. Iye anayankha, anafunsa za ana, n'kupitirira kukatenga njinga.